Kodi pulogalamu imadziwa bwanji kuti ili pa Windows, Mac kapena Linux?

Pulogalamu imodzi ya kompyuta ikhoza kugwira nchito pa makina a Windows, a Apple ndi a Linux. Koma kuti zimenezi zitheke, pulogalamuyo ikangotsegulidwa imayamba yafunsa kuti ili pa makina a mtundu wanji. Yankho lake ndi limene limaiuza zigawo zoonjezera zimene iyenera kutenga. Yankho likakhala lolakwika, kapena likamvedwa molakwika, pulogalamu imaima kapena imacita zinthu zimene mwini wake sanayembekezere.

Nkhaniyi siikhudza akatswiri okha. Wokonza mau a pawailesi, kalaliki wa mu ofesi ndi mphunzitsi wa makompyuta kusukulu onse amakumana nayo pamene pulogalamu imene inali kuyenda bwino pa kompyuta ina yakana pa inzake. Nthawi zambiri makina amakhala ali bwino. Vuto limakhala m'mizere yocepa cabe imene wolemba pulogalamu anaika kuti izindikire makinawo.

Mau atatu ofunika kuwamvetsa

Liu loyamba ndi operating system. Iyi ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa kompyuta yonse. Imasunga mafailo, imalamulira kiyibodi, pulinta ndi zokuzira mau, ndiponso imapatsa mapulogalamu ena malo ogwiriramo nchito. Pa makompyuta a mu ofesi ndi a kunyumba, zodziwika kwambiri ndi zitatu. Windows ndi ya kampani ya Microsoft. Ya kampani ya Apple inatuluka mu 2001 ndi dzina lakuti Mac OS X, ndipo kucokera mu 2016 imachedwa macOS. Linux inayambidwa ndi Linus Torvalds mu 1991, pamene anali wophunzira pa University of Helsinki ku Finland.

Linux ndi macOS zili ngati pacibale, cifukwa zonse ziwiri zimatsatira kapangidwe ka Unix, imene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba kupanga ku Bell Labs m'dziko la America mu 1969. Windows inakula payokha ndipo ili ndi kacitidwe kake-kake.

Liu laciwiri ndi script. Iyi ndi failo ya malangizo olembedwa m'zilembo zimene munthu akhoza kuwerenga, ndipo kompyuta imawatsatira mzere ndi mzere. Ma script amalembedwa m'zinenero za makompyuta monga Python, Bash ndi JavaScript. Ubwino wake ndi wakuti failo yomweyo ikhoza kunyamulidwa kucokera pa kompyuta ina kupita pa ina popanda kuilembanso.

Liu lacitatu ndi plugin. Aka ndi kacigawo koonjezera kamene kamalowetsedwa m'pulogalamu yaikulu kuti kaipatse luso lina latsopano, monga kucotsa phokoso m'mau ojambulidwa kapena kuwerenga cipangizo cimene calumikizidwa ku kompyuta. Plugin siigwira nchito payokha. Imadikira kuti pulogalamu ina iipeze ndi kuitsegula.

Cifukwa cake plugin imodzi siikwanira makina onse

Ma plugin ambiri salembedwa ngati script. Amayamba asandulizidwa kukhala malangizo a makina, ndipo kusandulizako kumacitidwa ndi operating system imodzi m'maganizo. Pa Windows, failo yotere imakhala ndi dzina lothera ndi .dll. Pa Linux limathera ndi .so, ndipo pa macOS kawirikawiri limathera ndi .dylib. Kusiyana sikuli pa dzina pokha. Mkati mwa mafailo atatuwa zinthu zinayalidwa mosiyana, moti kusintha dzina la failo ya .dll kukhala .so sikuthandiza ciliconse. Ngakhale njira yotsegulira ndi yosiyana: pa Windows pulogalamu imagwiritsa nchito lamulo lochedwa LoadLibrary, pamene pa Linux ndi macOS imagwiritsa nchito dlopen.

Zimenezi zikufanana ndi zimene amaona munthu amene wagula ketulo yamagetsi ku Johannesburg ndi kubwera nayo ku Lusaka. Ketulo ndi yabwino, magetsi aliponso, koma pulagi yamano obulungira siilowa mu soketi yamabowo a makona. Pamafunika wina woyang'ana soketi coyamba, kenako n'kusankha pulagi yoyenera. M'pulogalamu, nchito yoyang'anayo imagwiridwa ndi mizere yozindikira operating system.

Palinso kusiyana kwina kumene kumakakamiza script kudziwa malo amene ili. Windows imachula madisiki ndi zilembo, monga C: ndi D:, ndipo imalekanitsa maina a mafoda ndi cizindikiro ca \. Linux ndi macOS zilibe zilembo za madisiki ndipo zimagwiritsa nchito cizindikiro ca /. Pomaliza mzere m'failo ya mau, Windows imaika zizindikiro ziwiri zosaoneka, pamene Linux ndi macOS zimaika cimodzi. Pa Linux, failo yochedwa Nkhani.txt ndi yosiyana ndi yochedwa nkhani.txt, koma Windows ndi macOS, mmene zimabwerera kucokera kwa opanga, zimatenga maina awiriwo ngati dzina limodzi.

Citsanzo ca m'nyumba zokonzera mau

Okonza mau amaidziwa bwino nkhaniyi. Pulogalamu ya Audacity, imene Dominic Mazzoni ndi Roger Dannenberg anayambitsa pa Carnegie Mellon University ndipo inatuluka mu 2000, ndi yaulere ndipo imapezeka pa Windows, macOS ndi Linux. Imalandira ma plugin a mitundu ingapo. Mtundu wa VST unapangidwa ndi kampani ya Steinberg ya ku Germany mu 1996. Mtundu wa Audio Units ndi wa Apple ndipo umagwira nchito pa makina a Apple pokha. Mitundu ya LADSPA ndi LV2 inayambira pa Linux.

Ngakhale mtundu ukhale umodzi, malo osungira ndi osiyana. Ma plugin a VST3 pa Windows amaikidwa m'foda ya C:\Program Files\Common Files\VST3. Pa macOS amaikidwa m'foda ya /Library/Audio/Plug-Ins/VST3. Pa Linux akhoza kukhala m'foda ya /usr/lib/vst3 kapena m'foda yobisika ya .vst3 ya mwini kompyuta. Script yoika ma plugin pa makompyuta khumi a m'nyumba yokonzera mau iyenera kudziwa operating system ya kompyuta iliyonse. Ikapanda kutero, imaika failo pamalo amene pulogalamu siidzayang'ana, ndipo wokonza mau amangoona kuti cida cimene amafuna palibe.

Audacity ilinso ndi ma plugin a mtundu wa Nyquist, amene ndi mafailo a malangizo olembedwa m'zilembo wamba. Amenewa amayenda pa ma operating system onse atatu popanda kusinthidwa, cifukwa Audacity yokha ndi imene imawawerenga ndi kuwamasulira. Apa pakuonetsa kuti kuzindikira makina kumafunika maka-maka pamene plugin ikukhudzana ndi makinawo mwacindunji.

Mmene funso limafunsidwira

Kusankha kukhoza kucitika pa nthawi ziwiri. Nthawi yoyamba ndi pamene pulogalamu ikumangidwa, ndipo ndiye cifukwa cake pa intaneti pamakhala mafailo atatu a pulogalamu imodzi, ina ya Windows, ina ya Mac, ina ya Linux. Nthawi yaciwiri ndi pamene pulogalamu yatsegulidwa kale, ndipo iyi ndi imene ma script amadalira kwambiri.

Cinenero ciliconse cili ndi njira yake yofunsira. Pa makina a banja la Unix pali lamulo lakale lochedwa uname. Munthu akalemba uname -s pa Linux, yankho limabwera lakuti Linux. Pa kompyuta ya Apple limabwera lakuti Darwin, limene ndi dzina la maziko a macOS amene Apple inatulutsa poyera mu 2000.

M'cinenero ca Python, cimene Guido van Rossum anatulutsa mu 1991, pali njira zitatu zodziwika. Njira ya sys.platform imayankha kuti win32, darwin kapena linux. Njira ya platform.system imayankha kuti Windows, Darwin kapena Linux. Njira ya os.name imagawa makina m'magulu akulu-akulu: nt kutanthauza Windows, ndi posix kutanthauza Linux, macOS ndi ena a banja la Unix. Mu Node.js, imene imayendetsa ma script a JavaScript, process.platform imaperekanso mau akuti win32, darwin ndi linux. Pulogalamu yolembera ya Emacs imati windows-nt, darwin kapena gnu/linux.

Script ikalandira yankho, imaliyerekeza ndi maina amene wolemba anakonzeratu. Likafanana ndi loyamba, imatsegula plugin ya Windows. Likafanana ndi laciwiri, imatsegula ya Mac, ndipo likafanana ndi lacitatu imatsegula ya Linux. Script yolembedwa mosamala imakhalanso ndi njira yacinai, ya pamene yankho silinafanane ndi dzina lililonse.

Citsanzo cabwino ndi pySerial, gulu la malangizo a Python lothandiza kompyuta kukambirana ndi zipangizo zolumikizidwa ndi cingwe, monga masikelo, mamita ndi ma modem. Pa Windows, khomo lolumikizirapo limachedwa COM1 kapena COM3. Pa Linux limakhala ndi dzina longa /dev/ttyUSB0. Failo yoyamba ya pySerial imayang'ana os.name. Ikapeza nt imatenga cigawo cochedwa serialwin32, ikapeza posix imatenga serialposix. Ikapeza dzina limene siidziwa, imaima ndi kulemba uthenga wonena kuti ilibe cigawo ca makina amenewo. Wogwiritsa nchito pySerial amalemba malangizo ake kamodzi, ndipo kusankhako kumacitika iye osakuona.

Maina amene amasoceretsa

Yankho limene makina amapereka ndi dzina cabe, ndipo maina ambiri anaikidwa kalekale pa zifukwa zimene zinatha. Liu lakuti win32 limaoneka ngati likunena za Windows ya 32-bit, koma Python ndi Node.js zimaperekabe liu lomweli ngakhale pa Windows ya 64-bit. Linasiyidwa momwemo kuti ma script akale asaonongeke.

Msampha wodziwika kwambiri uli m'dzina la Darwin. Wolemba script wina, pofuna kudziwa ngati ali pa Windows, amauza kompyuta kuti ione ngati m'yankho muli zilembo zitatu zakuti win. Koma liu lakuti darwin limathera ndi zilembo zomwezo. Motero script yotere ikafika pa kompyuta ya Apple imaganiza kuti ili pa Windows, n'kuyamba kufunafuna failo ya .dll pa disiki C: imene kulibe. Wolembayo sangaone vutoli pa makina ake a Windows, cifukwa pamenepo zonse zimayenda bwino. Limaonekera kwa munthu wina, patali, amene mwina sadziwa n'komwe kuti m'pulogalamu muli mzere wotero. Njira yabwino ndi kuyerekeza liu lonse lakuti win32, kapena kuona zilembo zimene yankho likuyamba nazo.

Msampha wina unaonekera mu 2011. Kwa zaka zambiri Python inali kuyankha kuti linux2 pa makina a Linux, ndipo anthu ambiri analemba ma script ofuna liu limeneli ndendende. Mu July 2011 kunatuluka Linux 3.0, ndipo Python yomangidwa pa makina atsopanowo inayamba kuyankha kuti linux3. Ma script amene anali kudikira linux2 analephera kuzindikira Linux imene anali kuyendapo kwa zaka. Opanga Python anakonza zimenezi, ndipo kuyambira pa Python 3.3, imene inatuluka mu 2012, yankho ndi linux popanda nambala.

Dongosolo la mafunso nalonso ndi lofunika. M'pulogalamu yolembera ya Vim, imene Bram Moolenaar wa ku Netherlands anatulutsa mu 1991, anthu ambiri amasunga failo imodzi ya zokonda zao ndi kuigwiritsa nchito pa makompyuta ao onse. Amafunsa ndi mau onga has('win32'), has('mac') ndi has('unix'). Koma popeza macOS ndi ya banja la Unix, funso lakuti has('unix') limavomera pa Linux ndi pa Mac pomwe. Amene wayamba ndi funso la unix, poganiza kuti likutanthauza Linux yokha, amatsegula ma plugin a Linux pa kompyuta ya Apple. Funso lopapatiza liyenera kubwera patsogolo pa funso lotakata.

Palinso makina amene ali pakati. Mu 2016 Microsoft inabweretsa Windows Subsystem for Linux, imene imalola mapulogalamu a Linux kuyenda mkati mwa Windows. Mmenemo lamulo la uname limayankha kuti Linux, ndipo silinama, koma kompyuta yeni-yeni ndi ya Windows. Script imene ifuna kudziwa zoona zake imawerenga failo ya /proc/version ndi kuona ngati muli liu lakuti microsoft. Mafoni a Android nawonso amayenda pa maziko a Linux, koma plugin yomangidwira Ubuntu kapena Debian siigwira nchito pa foni. Kaamba ka ici, kuyambira pa Python 3.13 ya mu 2024, sys.platform imayankha kuti android pa mafoni amenewo m'malo mwa linux.

Manambala amene sanena zonse

Nthawi zina script imafunanso kudziwa ngati operating system ndi yakale kapena yatsopano. Apa mavuto amaculuka, cifukwa makampani eni ake akhala akubisa manambala enieni pofuna kuchinjiriza mapulogalamu akale.

Kuyambira pa Windows 8.1 ya mu 2013, pulogalamu imene siinalengeze kuti imadziwa Windows yatsopano ikafunsa nambala mwa njira yakale, imauzidwa 6.2, imene ndi nambala ya Windows 8. Windows 11, imene inatuluka mu October 2021, mkati mwake imadzichulabe kuti 10.0. Comwe cimaisiyanitsa ndi Windows 10 ndi nambala ina yaitali yochedwa build, imene pa Windows 11 imayambira pa 22000.

Apple nayonso inacita zofanana. Kwa zaka 19 manambala a operating system yake anali kuyamba ndi 10, kucokera pa 10.0 mpaka 10.15. Ma script ambiri anali kungoyang'ana nambala ya pambuyo pa kadontho. Pamene macOS Big Sur inatuluka mu 2020 ndi nambala 11, Apple inakonza zoti mapulogalamu akale akafunsa aziuzidwa kuti 10.16.

Vuto lomweli linagwera pulogalamu yoonera intaneti ya Opera mu 2009. Masamba ena a pa intaneti anali kuwerenga nambala yoyamba yokha, moti Opera 10 anali kuiona ngati Opera 1 ndi kuikana kuti ndi yakale. Opanga Opera anasankha kuti pulogalamu yao izidzichula kuti 9.80, ndi kulemba nambala yeni-yeni kumapeto kwa uthenga.

Purosesa nayonso imawerengedwa

Kudziwa operating system sikukwanira. Plugin imamangidwiranso mtundu wa purosesa, kacipangizo kamene kamawerengera zonse mkati mwa kompyuta. Plugin ya 32-bit siingalowe m'pulogalamu ya 64-bit, ngakhale zonse ziwiri zili za Windows. Apple inaleka kulandira mapulogalamu a 32-bit pa macOS Catalina mu 2019.

Mu November 2020 Apple inayamba kugulitsa makompyuta a purosesa yake yochedwa M1, ya mtundu wa arm64, m'malo mwa ya Intel ya mtundu wa x86_64. Kuti mapulogalamu akale apitirize kuyenda, inaika womasulira wochedwa Rosetta 2. Koma pulogalamu yomangidwira arm64 siingatsegule mwacindunji mkati mwake plugin yomangidwira Intel. Komanso script ikayenda pansi pa Rosetta 2, lamulo la uname -m limayankha kuti x86_64 ngakhale purosesa ili ya M1. Okonza nyimbo ndi mau ambiri amene anagula makompyuta atsopanowo anapeza kuti ma plugin ao akale sakutseguka mpaka opanga atatulutsa ena atsopano, kapena mpaka pulogalamu yonse itayendetsedwa kudzera mwa womasulirayo.

Kufunsa za luso m'malo mwa dzina

Pa zifukwa zimenezi, olemba mapulogalamu odziwa nchito amakonda njira ina pamene ili yotheka. M'malo mofunsa dzina la makina, amayesa ngati cinthu cimene akufuna cilipo. Ngati script ikufuna cida cokopera mau, imayang'ana ngati cidaco cili pa kompyuta. Cikapezeka imacigwiritsa nchito, cikasowa imayesa cina. Script yotere imayenda ngakhale pa operating system imene wolemba sanaimvepo, malinga ngati cida cilipo.

Njira imeneyi si yatsopano. Pulogalamu ya Autoconf, imene David MacKenzie anayamba kulemba mu 1991 mu nchito ya GNU, inapangidwa pa nthawi imene kunali mitundu yambiri ya Unix yosiyana pang'ono-pang'ono. M'malo mosunga mndandanda wa maina onsewo, ma script a Autoconf amayesa zinthu cimodzi-cimodzi pa makina amene alipo ndi kulemba zimene apeza.

Python yeni-yeni imacita cimodzimodzi. Pofuna kusankha kalembedwe ka maina a mafoda, imayang'ana ngati inamangidwa ndi cigawo cochedwa posix kapena cochedwa nt, kenako imatenga posixpath kapena ntpath. Wolemba script amene amagwiritsa nchito os.path safunikira kudziwa ngati cizindikiro coyenera ndi / kapena \, cifukwa cinenero casankha kale. Mafunso ambiri amene anthu amalemba okha m'ma script anayankhidwa kale mwa njira yotere, ndipo kuwalembanso kumangotsegula mpata wa zolakwika.

Komabe pali nthawi zimene dzina la operating system limafunikadi, monga posankha pakati pa failo ya .dll ndi ya .so. Pamenepo pali miyambo ingapo imene imacepetsa mavuto. Funso lifunsidwe pamalo amodzi m'pulogalamu, kuti likafuna kukonzedwa lisasakidwe m'mafailo makumi awiri. Yankho losadziwika lisatengedwe ngati Linux kapena Windows mongoganizira, koma script iime ndi kunena dzina limene yalandira. Mwini kompyuta apatsidwe njira yosankha yekha plugin pamene script yasokonezeka. Ndipo script iyesedwe pa makina enieni a mtundu uliwonse isanaperekedwe kwa anthu, cifukwa msampha wa darwin suoneka kwa amene amayesa pa Windows pokha.

Mbali ya citetezo

Plugin ikatsegulidwa imakhala ndi mphamvu zonse zimene pulogalamu yoitsegulayo ili nazo. Ikhoza kuwerenga mafailo, kuwafufuta kapena kuwatumiza kwina. Motero funso lakuti plugin itengedwe kuti ndi lofunika mofanana ndi lakuti itengedwe iti. Mu August 2010 Microsoft inatulutsa cenjezo lonena za mapulogalamu amene anali kutsegula mafailo a .dll pochula dzina lokha popanda kunena foda. Munthu wacinyengo anali kutha kuika failo yake ya dzina lomwelo pamalo amene Windows imayang'ananso, ndipo pulogalamu inali kuitsegula mosadziwa. Script yabwino imachula malo onse a plugin, kucokera pa disiki mpaka pa dzina la failo.

Anthu oipa nawonso amagwiritsa nchito luso lozindikira makina. Mu March 2024 Andres Freund, injiniya wa mapulogalamu, anapeza khomo lacinsinsi limene linabisidwa mu xz, pulogalamu yopanikiza mafailo imene ili pa makina ambiri a Linux. Linali m'mitundu ya 5.6.0 ndi 5.6.1. Script yobisikayo inali kuyamba yafufuza ngati ikumangidwira Linux ya purosesa ya x86_64, ndiponso ngati ikukonzedwa kukhala phukusi la Debian kapena la RPM. Zikagwirizana inali kulowetsa cigawo coipa. Zikapanda kugwirizana inali kukhala cete, ndipo zimenezi zinathandiza kuti isaonekere msanga. Freund anayamba kukayikira ataona kuti pulogalamu yolowera pa kompyuta yakutali ikudya mphamvu ya purosesa kuposa mmene iyenera, ndipo ikucedwa ndi pafupifupi theka la sekondi. Khomolo linapezeka lisanafike pa makina ambiri a anthu wamba.

Zimene wogwiritsa nchito kompyuta angacite

Munthu amene salemba mapulogalamu angapewe mavuto ambiri mwa kudziwa zinthu zitatu za kompyuta yake: dzina la operating system, nambala yake, ndi mtundu wa purosesa. Pa Windows, lamulo la winver limaonetsa nambala, ndipo tsamba la About mu Settings limanena ngati makina ndi a 32-bit kapena 64-bit. Pa kompyuta ya Apple, About This Mac imaonetsa nambala ya macOS ndiponso ngati purosesa ndi ya Intel kapena ya Apple. Pa Linux, lamulo la uname -a limaonetsa purosesa ndi nambala ya maziko a Linux, ndipo failo ya /etc/os-release imanena ngati ndi Ubuntu, Debian, Fedora kapena ina.

Potenga plugin pa intaneti, ndi bwino kuitenga kwa amene anaipanga ndi kusankha yogwirizana ndi zinthu zitatuzo, komanso ndi pulogalamu imene idzaitsegula. Tsamba la intaneti limene limasankhira munthu failo lokha limadalira uthenga umene pulogalamu yoonera intaneti yatumiza, ndipo uthengawo sunena zonse. Makompyuta a Apple a purosesa ya M1, mwacitsanzo, amadzichulabe kuti Intel Mac mu uthenga umenewo. Ndi bwino kuwerenga dzina la failo isanatsitsidwe. Mau onga win64, x86_64, arm64 ndi macos amene ali m'dzinamo ndi amene amanena makina amene failoyo inamangidwira.

Plugin ikakana kutseguka, uthenga umene kompyuta yalemba usafufutidwe msanga. Ukopedwe monga mmene ulili, kapena ujambulidwe ndi foni, ndipo utumizidwe kwa katswiri kapena kwa wopanga pulogalamu pamodzi ndi dzina la operating system, nambala yake ndi mtundu wa purosesa. Kwa wokonza, zinthu zinai zimenezi nthawi zambiri zimakwanira kuonetsa mzere umene unafunsa funso molakwika.